Tchizi ndi mfutso wa mkaka

Mayi aliyense wa m'chigwa cha Domasi amalidziwa vuto la mwezi wa February. Nkhwani ndi khwanya zimachuluka m'munda moti mphika sungazithe, chonsecho pofika October ndiwo zidzasowa. Ndiye amathyola masamba, kuwafutsa, kuwayanika, n'kuwakulunga m'chikwatu cha masamba a msuku. Abusa a nkhosa a kumapiri a ku Ulaya anakumana ndi vuto lomweli, kungoti lawo linali la mkaka. Nkhosa imakamidwa miyezi ingapo ikaswa, kenako bere limauma, ndipo mkaka suchedwa kusasa. Tchizi ndiye chikwatu chawo.

Ntchito yonse yagona pa kuchotsa madzi, pakuti pa magawo 10 alionse a mkaka, oposa 8 ndi madzi. Poyambira pake si pachilendo kwa amene anaonapo chambiko chikulekana ndi madzi ake. Wopanga tchizi amapitirira pamenepo. Amathira timadzi tochokera m'chifu cha kamwana ka nkhosa kapena ka ng'ombe kamene kakuyamwabe, mkaka n'kuundana. Akatero amauduladula, kukhetsa madziwo, kuuika m'zikombole, kuupaka mchere, n'kukausunga pozizira. Mkaka wa ng'ombe umafunika malita pafupifupi 10 kuti tchizi akwane kilogalamu imodzi. Wa nkhosa umangofunika theka lake, chifukwa uli ndi mafuta ochuluka pafupifupi kawiri.

Mfutso ndi tchizi zimasiyana pa chinthu chimodzi. Chikwatu chikachita nkhungu mayi amachitaya, pomwe ku Roquefort, mudzi wa kummwera kwa France, nkhunguyo amachita kuiika dala. Mabanja a m'mapiri ozungulira amakama nkhosa za mtundu wa Lacaune, ndipo tchizi wake amakakhwimira m'mapanga a phiri la Combalou. M'ming'alu ya thanthwe mumadutsa mpweya wachinyezi, wozizira pafupifupi madigiri 10 chaka chonse. Amaboola tchiziyo ndi singano zazitali kuti mpweya ulowe, nkhungu yobiriwira n'kumera mkati. Sagulitsidwa asanathe miyezi itatu. Chiyambire 1925, lamulo la dzikolo limateteza dzina la tchizi ameneyu, ndipo amene sanakhwimire m'mapangamo satchedwa Roquefort. Fungo lake, kunena zoona, mlendo wochokera ku Domasi sangalipirire tsiku loyamba.

Nanga kwathu kuno? Kuzizira kulipo ndithu pamwamba pa phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, kumene mtsinje wa Domasi umayambira ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Chosowa ndi nkhosa yamkaka. Nkhosa zathu za mchira wonona timaziwetera nyama, ndipo ngakhale za mtundu wa Dorper zochokera ku South Africa ndi zanyama zomwe. Lacaune imodzi imatulutsa malita pafupifupi 300 pa nyengo, pomwe mkaka wa nkhosa yakwathu umangokwanira mwana wake. Mlimi wa mkaka kuno amadalira ng'ombe, ndipo ambiri a m'chigawo chakummwera amapereka mkaka wawo kumagulu a pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association, komwe umaziziritsidwa podikira galimoto ya kampani. Kumeneko chosunga mkaka ndi magetsi. Akazima nthawi yaitali, mkaka wa tsikulo umasasa, ndipo kampani siugula.