Womasulira woyima payekha m'nthawi ya makina

Pa tebulo la womasulira woyima payekha sipakhala zambiri: laputopu ya batire lotopa, foni yolumikizira intaneti, mtanthauziramawu wa Steven Paas wothothoka chikuto, ndi kope lomwe amasungamo mawu amene anamuvutapo. Alibe ofesi, alibe bwana, alibenso malipiro a kutha kwa mwezi. Ntchito imabwera pa imelo kapena pa WhatsApp, kawirikawiri madzulo, mwini wake akuifuna mawa kusanache.

Ogwira ntchitoyi ndi amitundumitundu. Ena ndi aphunzitsi a Chichewa omwe amamasulira akaweruka, ena ndi atolankhani a pa wailesi, ena anaphunzira zilankhulo ku Zomba, komwe kuli Centre for Language Studies yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Alipo okhalira kumvetsera mawu ojambulidwa pa kafukufuku wa m'midzi, kulemba liwu ndi liwu mpaka makutu kuwawa. Aliponso a ku Johannesburg ndi ku London omasulira pa foni, uku dokotala uku wodwala. Ambiri owapatsa ntchito ndi mabungwe a zaumoyo, zaulimi ndi zachitukuko, komanso makampani akunja amene amalipira powerenga mawu.

Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, koma ife omasulira sitinade nayo nkhawa poti zotulukamo zinali zokhotakhota, aliyense ankaona yekha kuti sizili bwino. ChatGPT itabwera kumapeto kwa 2022, makina anayamba kulemba ziganizo zosalala. Tsopano ena otipatsa ntchito amatumiza zomwe makina amasulira kale, n'kunena kuti, "Tangokonzanimo pang'ono," mtengo n'kuutsitsa.

Ngozi ili pa kusalalako. Chiganizo chokhota chimaimitsa maso, koma chosalala chimadutsa ngati madzi ngakhale chikunama. Tsiku lina bungwe lina linanditumizira kapepala ka uthenga wa kachilombo ka HIV. Chichewa chake chinali chokoma ndithu, moti ndinatsala pang'ono kukabweza osasintha kanthu. Nditayerekeza ndi Chingerezi mzere ndi mzere, ndinapeza kuti pomwe panali mawu akuti "positive" makina analemba kuti zotsatira zili bwino. Ndinaganiza za mayi wotuluka m'chipinda choyezera magazi atagwira kapepala kameneko, ndipo thupi linandizizira. Kuyambira pamenepo sindiwerenga zamakina ndisanawerenge kaye nkhani yoyambirira yonse ndekha.

Zolakwika zina n'zobisika kuposa apa. Mngerezi ali ndi liwu limodzi loitanira mwana, mfumu ndi apongozi omwe, pamene ife tiyenera kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu". Uthenga wa kolera wopita kwa mafumu ukati "samba m'manja", waluza kale owerenga ake. Nkhani za m'nyumba nazo zili ndi mulingo wake. Ukatchula zinthu mosabisa pa wailesi yomwe banja lonse likumvera pamodzi, wina azimitsa. Ukaphiphiritsa kwambiri, wachinyamata sadziwa chomwe akuchenjezedwa. Ndiye pali funso lomwe womasulira wozama amafunsa asanalembe liwu ndi limodzi lomwe: owerenga ali kuti? Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka, chosakanikirana ndi Chibemba, si Chichewa cha ku Dedza, ndipo mlimi wa ku Nsanje ali ndi makutu akenso. Makina sanakhalepo pa bwalo la mfumu kapena pa siwa. Kuzindikira koteroku ndiko kwatsala m'manja mwathu, ndipo ndiko tikugulitsa.

Palinso zisankho zomwe sizikhudza mawu. Kodi ntchito iyi ndiilandire? Ngati zamakina zawonongeka kwambiri, kuzikonza kumadya nthawi kuposa kuyamba chatsopano, choncho wanzeru amapempha kuona masamba awiri kapena atatu asanavomere mtengo. Amene anagwirizana mitengo ya chaka chonse m'makwacha anaona zakuda mu Novembala 2023 pomwe ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chifukwa mgwirizano unali womwewo koma zinthu m'sitolo zitakwera. Ndipo pali nkhani yachinsinsi. Munthu wa m'mudzi akaulula matenda ake kwa wofufuza, sanavomere kuti mawu akewo aponyedwe m'makina a pa intaneti kuti ntchito ithe msanga. Palibe amene angakugwire ukatero. Ndi iwe wekha, usiku, amene umasankha kusatero.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi achinyamata olowa ntchitoyi lero. Ife tinakhwimira pa tintchito ting'onoting'ono, timakalata ndi tizidziwitso, tikulakwitsa, akuluakulu n'kumatibwezera mapepala ofiira ndi inki. Tintchito timeneto ndito makina atenga poyamba. Wachinyamata amene ntchito yake yoyamba ndi kukonza zamakina amazolowera kayendedwe ka makinawo, mpaka khutu lake limaleka kumva kuti chiganizo ichi ndi Chingerezi chovala chitenje.

Omwe ndawaona akukula bwino amadzipangira okha sukulu. Amamasulira kaye ndime ndi mutu wawo, kenaka n'kuona zomwe makina apereka, n'kudzifunsa chifukwa chomwe zasiyanirana. Amawerenga Buku Lopatulika la 1922 pambali pa Buku Loyera la 1998 kuti aone momwe omasulira a mibadwo iwiri anasankhira mosiyana pa vesi limodzi. Amamvetsera nkhani za Chichewa pa MBC ndi pa Zodiak ali ndi cholembera m'manja. Sachita manyazi kubwerera kwa mwini ntchito kukafunsa chomwe amatanthauza, ngakhale nthawi itathina.

Mtsikana wina yemwe ndimamuthandiza ali ndi njira yakeyake. Akamaliza uthenga wa zaumoyo, amakawerengera agogo ake pa khonde, kenaka n'kuwafunsa kuti, "Agogo, ndiye akuti mutani pamenepa?" Akayankha zosiyana ndi zomwe zili m'Chingerezi, amabwerera pa laputopu kukayambiranso ndimeyo.