Njira ya Ana Athu Yopita ku Sukulu

Amayi anzanga, malonda a fodya akatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, msewu wa M1 umadzaza ndi malole opita kumsika wa Chinkhoma. M'mphepete mwa msewu womwewo mumayendanso ana athu a Sitandade 1, ena asanakwanitse n'komwe zaka 7. Lole yolemedwa ndi mabelo siima msanga, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kuyeza liwiro lake.

Tsono musamtume yekha. Gwirizanani mabanja oyandikana kuti mayi aliyense aziperekeza ana onse pa tsiku lake. Aphunzitseni kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto obwera. Pa njinga ya kabaza musakwezepo ana atatu pamodzi, ngakhale ndalama ichepe.

Nanga n'chifukwa chiyani ana amathamangira ku msewu wa tala? Tinjira tam'mudzi tinatsala tadzuwa ndi fumbi lokha, pakuti mitengo inathera kumangira zigafa ndi kuwotchera fodya. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Kakambiraneni ndi amfumu, mudzale mibawa ndi mango m'mbali mwa njira ya kusukulu, kutali ndi msewu waukulu, mwana aliyense akhale ndi mtengo wake wouthirira. Njira yamthunzi mwana saisiya.