Batalioni ndi chiyani, ndipo imagwira ntchito yanji?

Anthu akamva kuti ndinali msilikali, ambiri amandifunsa chinthu chimodzi: poti masiku ano kuli ndege ndi mizinga, asilikali oyenda pansi n'ngofunikiranji? Ndimawauza kuti ndege imaphulitsa mlatho n'kubwerera kwawo, koma siingagone pamlathopo kuulondera. Kulanda malo ndi kukhalapo, imeneyo ndi ntchito ya batalioni.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Kopolo amatsogolera anthu pafupifupi khumi. Timagulu titatu totere timapanga pulatuni, mapulatuni atatu amapanga kampani, ndipo makampani atatu kapena anayi, pamodzi ndi ophika, achipatala, oyendetsa galimoto ndi a mawayilesi, ndiwo batalioni: anthu mazana angapo pansi pa Lieutenant Colonel. Ndi gulu loti lingathe kudzidyetsa, kudzichiza ndi kumenya nkhondo palokha.

Kuno kwathu nkhaniyi inayamba kale. Mu 1902 Angerezi anakhazikitsa King's African Rifles, ija agogo athu ankaitcha Keyala, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Anyamatawo anamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo mu Januwale 1915 atsamunda anawatuma kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe. Mbiri imeneyi sitiibisa: batalioni imamvera amene akulamula dziko. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse asilikaliwa anafika ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Baraki ya Moyale ku Mzuzu ikukumbutsa nkhondo ya mu 1940 pamalire a Kenya ndi Ethiopia. Mu 1964 batalioni yoyamba ija inasanduka Malawi Rifles, ku Cobbe Barracks mu Zomba.

Chimene anthu sachiona pa perete ndi ichi: nthawi yambiri ya msilikali siithera pa kuwombera. Imathera pa kuyenda, kukumba maenje obisalamo ndi kudikira. Mukafika pogona mutayenda tsiku lonse, sajeni wabwino sayamba ndi kudya. Amauza aliyense avule nsapato, n'kumayang'ana matuza pakati pa zala, chifukwa munthu mmodzi wotsimphina amachedwetsa pulatuni yonse. Kenako amawerenga zipolopolo, amagwedeza mabotolo a madzi, n'kugawa maola a ulonda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kwa ife mawuwa ndi lamulo.

Luso lomweli ndi limene linalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, linalanda zida za a Payoniya mu Disembala 1993, ndipo mu 2013 linapita kum'mawa kwa DRC pamodzi ndi asilikali a Tanzania ndi South Africa. Choncho mukamva pa wailesi kuti dziko latumiza batalioni, musangoganiza za mfuti. Dzifunseni kuti anthu onsewo adya chiyani, ndipo wovulala amunyamula ndani. Akuluakulu a asilikali amayambira pamenepo.