Kulemba Zinyalala za M'zipatala pa Kompyuta Kumafunika Chisamaliro

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa makilogalamu 100 alionse a zinyalala za m'zipatala, pafupifupi 85 ndi zinyalala wamba, pomwe 15 n'zoopsa. Pa chifukwa ichi, mapulogalamu ena a pa kompyuta oyendetsera zipatala amafuna kuti thumba lililonse lilembedwe m'gulu lake lisanatayidwe.

Ena mwa magulu amenewa ali m'pangano la Basel la mu 1989, lomwe dziko la Malawi linalowamo mu 1994. M'panganoli, Y1 ndi zinyalala zochokera pothandiza odwala, Y3 ndi mankhwala otha ntchito, ndipo Y29 ndi zinthu zokhala ndi mercury, monga zipangizo zakale zoyezera kutentha kwa thupi.

Gulu lolembedwalo ndi lomwe limauza ogwira ntchito kotayira. Mercury ikalembedwa molakwika ngati Y1 imakawotchedwa mu ng'anjo, ndipo utsi wake umawononga ubongo ndi impso. Nawo mapepala wamba akalembedwa ngati oopsa, chipatala chimangotha mafuta a ng'anjo pachabe.

Choncho oyang'anira zipatala ayenera kumayerekeza kawirikawiri zolembedwa pa kompyuta ndi zimene zili m'matumba, chifukwa kompyuta siitsegula thumba.