Lole ikagona m'galaja: mmene mungapewere mkangano ndi amakaniko

Thonje likayamba kuyera m'minda ya ku Ngabu, ku Bangula ndi kwa Tengani, pamakhala dandaulo limodzi limene limamveka chaka ndi chaka m'misika ya m'chigwa cha Shire. Mlimi kapena kalabu ya alimi ili ndi lole, katundu woti anyamulidwe alipo, koma loleyo ili pamiyala kugalaja, matayala atachotsedwa, ndipo makaniko akungoti mubwere mawa. Mawa limasanduka sabata, sabata n'kusanduka mwezi. Pamene lole ikutuluka, ogula thonje achoka, ndipo anthu awiri amene ankadyera mbale imodzi sakupatsananso moni.

Kwa ife alimi lole si chodzionetsera. Ndiyo imanyamula thonje, mapira, mpunga wa ku Nkhate ndi ku Muona, mbuzi ndi ng'ombe zopita ku Blantyre. Ikagona tsiku limodzi, ndalama zatayika. Tsono chimene tifuna kuti mumvetse lero n'chakuti mikangano yambiri ya kugalaja siyamba tsiku lokatenga lole ayi. Imayamba tsiku loisiya, pamene zonse zangokambidwa pakamwa.

Matenda a malole a kuno

Mwini lole wosadziwa matenda a galimoto yake amanamizidwa mosavuta, komanso amanamizira makaniko wosalakwa. Kuno kuchigwa zinthu zopha malole zilipo zinayi.

Choyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Nchalo ndi ku Nsanje limapitirira madigiri 40. Fumbi ndi timaulusi ta thonje zimatseka mipata ya radiyeta, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ya kuno ndi amchere, amasiya zokakamira mkati mwake. Injini ikawira, gasiketi ya pamutu pa injini imapsa, nthawi zina mutuwo n'kupindika. Mudzaona utsi woyera kumbuyo, madzi akuphulika thovu mu radiyeta, ndipo oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka. Makaniko akangosintha gasiketi osatumiza mutu wa injini kukayezedwa ndi kupalidwa pamakina, ndiponso osatsuka radiyeta, vutolo lidzabweranso pasanathe nthawi. Ambiri apa amati makaniko adaika gasiketi yachinyengo, chonsecho ntchito idangochitidwa theka.

Chachiwiri ndi chitunda cha pakati pa Thabwa ndi Blantyre pamsewu wa M1. Pokwera ndi katundu wopyola muyeso, kilatchi imapsa. Potsika, dalaivala wodalira mabuleki okha osalowetsa giya yaikulu amawatenthetsa mpaka amasiya kugwira. Lole ya matani 3 ikamanyamula matani 5, kilatchi yatsopano singakhalitse ngakhale ataiika katswiri wotani.

Chachitatu ndi madzi osefukira. Tidawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 nthawi ya Ana, ndi mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy. Lole yowoloka madzi akuya imatha kuwamwa kudzera polowera mpweya. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho zitsulo zokankha mapistoni zimapindika. Madzi amalowanso mu oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, n'kumadya zitsulo pang'onopang'ono. Ngati lole idamizidwapo, muuzeni makaniko zoona, ndipo musailize isanaonedwe.

Chachinayi ndi dizilo wa m'zigubu amene ambiri tidamudalira mafuta atasowa m'zaka za 2022 mpaka 2024. Dizilo wa fumbi, madzi kapena wosakaniza ndi palafini amawononga pampu ndi manozo. Kukonza pampu kumafuna makina oyezera amene magalaja a pansi pa mtengo alibe. Makaniko woona mtima amanena poyera kuti pampuyi ipite ku Blantyre.

Pamene pamayambira phokoso

Dandaulo loyamba ndi la mtengo. Mudagwirizana ndalama zakuti, pokatenga lole mukuuzidwa zowirikiza, ati atatsegula injini adapeza zina zowonongeka. Nthawi zina n'zoona, chifukwa mkati mwa injini simuoneka musanatsegule. Cholakwa n'chakuti makaniko adapitiriza ntchito osakufunsani.

Lachiwiri ndi la masipeya. Mudapereka ndalama ya chitsulo chatsopano, koma chimene chaikidwa n'chakale chochokera pamsika wa Ndirande kapena ku Limbe, chongotsukidwa ndi petulo. Chitsulo chakale sichoipa nthawi zonse. Pali zina zochotsedwa m'galimoto zakunja zimene zimalimba kuposa zatsopano zotchipa. Kuipa kwake n'kulipira mtengo wa chatsopano n'kulandira chakale.

Lachitatu ndi la kusinthanitsa. Lole ikakhalitsa pagalaja imasanduka sitolo: batire labwerekedwa kuti likalize galimoto ina, sitata yachotsedwa kuti akayesere, tayala lasipeya lapita osabwerera. Lachinayi ndi la ntchito yosakhalitsa: lole yatuluka Lolemba pa Nchalo, Lachitatu yafera pa Bereu, ndipo makaniko akuti limeneli ndi vuto lina, mulipirenso.

Nawonso ali ndi zawo

Tisaweruze mbali imodzi. Amakaniko nawo amatidandaula ife. Alimi ambiri timakonzetsa pangongole, kulonjeza kulipira tikagulitsa thonje, koma tikagulitsa timazemba njira ya kugalaja. Ena timasiya lole miyezi itatu tisanabweretse ndalama ya masipeya, kenaka timakwiya kuti mtengo wasintha. Kumbukirani kuti masipeya amachokera kunja. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zitsulo idakwera nthawi yomweyo. Mtengo umene mwauzidwa lero sungadikire chaka.

Palinso nkhani ya madalaivala. Eni malole ambiri amatuma dalaivala yekha kugalaja, ndalama zili m'thumba mwake. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Si kamodzi pamene dalaivala amauza bwana wake mtengo wina, makaniko n'kulandira wina, mkangano n'kugwera munthu amene sadaone n'komwe ndalamazo. Pokambirana mtengo, mwini lole kapena msungichuma wa kalabu akhalepo yekha.

Zoyenera kuchita tsiku losiya lole

Gulani kope la sukulu likhale la lole yokha. Musanachoke pagalaja, lembani zinthu izi pamaso pa makaniko ndi mboni imodzi, ndipo nonse musaine.

Lembani tsiku, nambala ya lole, ndi manambala a injini ndi chesisi monga alili mu bulubuku. Lembani vuto limene mwabwera nalo ndi ntchito imene mwagwirizana. Mtengo wa ntchito ya manja ulembedwe paokha, wa masipeya paokha, ndipo chitsulo chilichonse chitchulidwe ngati chidzakhala chatsopano kapena chakale. Lembani tsiku limene lole idzatuluke. Onjezani mawu akuti akapeza vuto lina, ntchito iime kufikira mwini atabwera kudzaona ndi maso.

Kenaka werengani zimene mukusiya: batire, sitata, olotaneta, pampu, jeke, sipanala ya matayala, tayala lasipeya, ndi kuchuluka kwa dizilo. Ikani kadontho ka penti pamalo obisika pa chilichonse, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani. Bulubuku musaisiye m'lole.

Ndalama musapereke zonse kumayambiriro. Perekani ya masipeya, ndipo ngati n'kotheka pitani limodzi ndi makaniko kokagula kuti lisiti likhale m'manja mwanu. Ya ntchito ya manja perekani gawo, yotsala mudzamalize lole itayesedwa. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuli ndi ubwino wakuti uthenga wa pafoni umakhala umboni. Mukalipira pamanja, makaniko asaine m'kope.

Pokatenga lole, pemphani zitsulo zonse zakale zimene zachotsedwa. Iyi ndi njira yapafupi yodziwira ngati chitsulo chidasinthidwadi. Yesani lole makaniko ali momwemo, katundu ali pamwamba, mtunda woti injini itenthe bwino. Lole yopanda katundu yozungulira pamsika siulula kanthu. Gwirizananinso polemba kuti vuto lomwelo likabwerera pasanathe masiku akutiakuti, adzakonza osalipiritsanso ntchito ya manja.

Ena amati kulemba ndi kusakhulupirirana, makamaka ngati makaniko ndi mnansi kapena wa mpingo umodzi. Si choncho ayi. Pepala limateteza onse awiri. Makaniko wolungama amakondwa nalo chifukwa limamuteteza kwa mwini lole wokana ngongole. Amene akukana kusaina wakuchenjezani kale lole isanatsegulidwe.

Kumudziwa makaniko wokhulupirika

Funsani eni malole ena atatu amene adakonzetsapo kwa iye, osati abale ake. Yang'anani pabwalo pake: ngati pali galimoto zambiri zomera udzu pansi, funsani chifukwa chake. Funsani ngati ali ndi satifiketi ya luso lake, monga ya mayeso a boma a ntchito zamanja kapena ya maphunziro a TEVETA. Alipo amakaniko aluso amene adaphunzirira pagalaja opanda pepala lililonse, koma onse abwino amafanana pa chinthu chimodzi: amadziwa malire awo. Munthu wonena kuti ichi sindingathe, pitani nacho kwakutikwakuti, ndiye woyenera kumusunga. Muyambe mwamupatsa ntchito yaing'ono monga kusintha oyilo ndi mafyuluta musanamupatse injini yonse.

Zikavuta mulowere kuti

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lole yanu ili m'manja mwa makaniko, injini ili zidutswazidutswa, choncho kukalipa ndi kuopseza sikungakuthandizeni. Dziwaninso kuti malamulo amalola wokonza kusunga galimoto kufikira atalipidwa ntchito imene mudagwirizana. Kubwera usiku ndi anyamata kudzakoka lole kungakuikeni inuyo pamlandu. Komabe kusunga si kugulitsa, ndipo sikupatsa makaniko ufulu wochotsa zitsulo kapena kuyendetsa loleyo pa ntchito zake.

Yambani ndi kukambirana, kope lija lili pamaso, mboni ilipo. Zikakanika, itanani makaniko wina amene nonse mukumuvomereza kuti aone ntchitoyo ndi kunena maganizo ake. Wapampando wa msika, akuluakulu a kalabu kapena amfumu amathetsa nkhani zambiri zotere popanda kuwononga ndalama.

Ngati zitsulo zabedwa kapena kusinthanitsidwa, umenewo ndi mlandu wakuba ndipo malo ake ndi kupolisi. Apa ndi pamene timadontho ta penti ndi zithunzi zija zimagwira ntchito. Koma kusagwirizana pa mtengo kapena pa ubwino wa ntchito si mlandu wa apolisi. Umenewo umapita kukhoti la majisitireti, monga la pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje, kumene mungapemphe kubwezeredwa ndalama kapena lole. Wosowa ndalama ya loya angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau.

Aliponso mabungwe oona za ogula. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onyengedwa pa malonda, ndipo lamulo lake latsopano la 2024 lidalowa m'malo mwa lija la 1998. Bungwe la Consumers Association of Malawi, lodziwika kuti CAMA, lakhala likulankhulira ogula kuyambira 1994. Koma kulikonse kumene mungapite, funso loyamba lidzakhala limodzi: umboni wanu uli kuti? Wopanda lisiti, wopanda mboni, wopanda cholemba, amabwerako chimanjamanja ngakhale atalakwiridwadi.

Potsiriza, alimi anzanga, nthawi yokonzetsa lole si pamene thonje lili kale m'mabelo. Mwezi wa Febuluwale kapena Malichi, ntchito yonyamula isanachuluke, tsukitsani radiyeta, onetsani mabuleki ndi kilatchi, sinthani oyilo ndi mafyuluta, ndipo onani ngati pepala la COF silinathe. Munthu wothamanga amavomera mtengo uliwonse ndi makaniko aliyense, pamene wokonzetsa nthawi ilipo amatha kufunsa magalaja awiri kapena atatu asanasankhe. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Kope lija ligulidwe sabata ino, lole isanadwale.