Basi Ikaboila, Cigubu ca Madzi Si Mankhwala

Mwezi wa October dzuwa la pa Copperbelt silisewera, ndipo oyamba kudandaula ndi maminibasi. Inu amene mumakwera Hiace kucoka ku Chimwemwe kupita m'tauni ya Kitwe mukudziwa bwino. Basi yaima pambali pa msewu, nthunzi ili tolotolo, kondakitala wathamanga ndi cigubu. Wina wacedwa ku nchito, amai a tomato aphonya makasitomala ku Chisokone, a draiva mutu waima poganiza za ndalama ya abwana madzulo.

Sabata yatha ndinazungulira magalaji a m'komboni kufunsa amakanika cimene cimaboilitsa mabasi athu. Yankho lao linali limodzi: kuthira madzi n'kunyamuka ndi kunyengerera matenda cabe.

Akuti coyamba muone nthawi imene injini ikutentha. Ngati imatentha basi itaima pa siteshoni kudikira anthu, koma n'kuzizira ikathamanga, vuto lili ku fani kapena lamba wake wamasuka. Ngati imatentha pa liwiro, monga pa msewu wa ku Chingola, kawirikawiri rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri mkati kapena fumbi kunja. Koma mukaona utsi woyera kumbuyo, madzi akucepa popanda podontha, oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi yapsa. Apo ndalama zake si zamasewera.

Kanthu kamene ambiri amanyoza ndi citsekero ca rediyeta. Kitwe ili pamwamba, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, motero madzi kuno amawira pa madigiri 96, osati 100. Citsekero cabwino cimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka pafupifupi madigiri 120. Labala wake akatha, basi imaboila ngakhale zina zonse zili bwino.

Palinso cizolowezi cocotsa thermostat n'kutaya, ati kuno kulibe cisanu. Kacipangizo kameneka kamatseguka injini ikafika pa kutentha koyenera. Kakacotsedwa, injini imacedwa kutentha m'mawa, imadya mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni limatsala pomwepo. Madzi a pampopi okhaokha naonso amadyetsa dzimbiri. Ofunika ndi kuwasakaniza ndi coolant, theka ndi theka.

Manje nkhani yaikulu kwa ife okwera ndi iyi: injini ya Hiace yakale ili pansi pa mpando wa kutsogolo. Kondakitala akatukula mpandowo n'kutsegula citsekero injini ili moto, madzi owira amatumphukira m'basi momwemo, pamene pakhala anthu, ena ali ndi ana pamiyendo. Tsikani, imani patali, ndipo muwauze a draiva mwaulemu kuti adikire mphindi 30. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kungathenso kung'amba mutu wa injiniyo.

A draiva, muvi wa kutentha ukayamba kukwera, yatsani hita mpaka kumapeto ngati ikugwira, imacotsako kutentha kwina, kenako imani pabwino. Eni mabasi, citsekero ndi lamba n'zochipa kuposa injini yatsopano. Basi ikagona pa galaji mwezi wathunthu, nyumba zitatu zimagona ndi njala: yanu, ya draiva ndi ya kondakitala.