Nyumba Yomangidwa Nayonso Imafuna Sikelo

Amayi anzanga, mwana mukapita naye kusikelo sitikhutira ndi mawu akuti "akudya bwino". Timamuyeza, n'kuona pakhadi ngati kulemera kwake kukugwirizana ndi miyezi yake. Chidikiro chimene mukusonkhera m'miphakati, kuti amayi oyembekezera azigona pafupi ndi chipatala, chimafunanso kuyezedwa motero.

Mwezi uliwonse komiti iziyankha mafunso atatu. Kodi pofika lero ntchito inayenera kufika pati? Nanga yafikadi pati? Ndalama zatuluka zingati?

Tiyerekeze kuti nyumbayo ndi ya K20 miliyoni, yomanga miyezi 6. Papita miyezi 3, ndipo pepala la mgwirizano likuti ntchito ya K10 miliyoni ikhale itatha. Mukapita pamalopo mukupeza khoma langofika pamawindo, gawo limene papepalapo mtengo wake ndi K8 miliyoni. Koma msungichuma watulutsa kale K12 miliyoni. Ndiye kuti mwatsalira ndi ntchito ya K2 miliyoni, ndipo mwawononga K4 miliyoni yoposa zimene zili pansi. Zikapitirira chonchi, nyumbayo idzadya K30 miliyoni.

Apa m'pamene ambiri timapusitsika. Tikamva kuti ndalama zambiri zatuluka, timaganiza kuti ntchitonso yayenda. Malisiti amanena zimene zagulidwa, osati zimene zamangidwa.

Tsono musanayambe, gwirizanani ndi mmisiri mtengo ndi tsiku la gawo lililonse: maziko, khoma, denga, pulasitala, zitseko ndi mawindo. Mlipireni gawo likatha, mutaliona ndi maso anu. Sungani kandalama kena mpaka mvula itayesa dengalo. Matumba a simenti alembedwe m'kope polowa ndi potuluka, anthu awiri asainire. Muwasanje pamatabwa, chifukwa simenti ikakoka chinyezi imauma.

Kuchedwa nakonso kumadya ndalama. Mukukumbukira m'mene mitengo ya zinthu inakwerera kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndipo mvula ikapeza nyumba ilibe denga, magalimoto a mchenga amatitimira m'matope, amisiri amathawira kumunda.

Musachite manyazi kufunsa, ngakhale pamaso pa bambo mfumu. Kufunsa si kunyoza munthu. Ife azamba timadziwa zimene zimachitika mayi wakutali akayamba ulendo matenda atamuyamba kale: ena amachirira panjira, ena amataya magazi asanafike. Mwezi uliwonse umene chidikiro chachedwa, pali mayi wina amene akuyenda ulendo umenewu.

Lamulungu likubwerali, mukatuluka Misa, tengani kope mukaione nyumbayo.